Peni, sirinji kapena sensa: odwala shuga amakhutira ndi chiti?

Nambewe_wa_Gulu analemba:

Moni nonse. Pagulu lathu la odwala shuga ndi owasamalira pabwera nkhani yofuna nzeru zanu. Abale a mamembala ena, amene ali ku Johannesburg ndi ku Britain, akufuna kumathandiza ndi zipangizo, ndiye akufunsa kuti azitumiza chiyani. Ena akuti mapeni a insulin, ena akuti masensa oyeza shuga omata pamkono aja, winanso watchula pampu, kamakina kovala kolowetsa insulin m'thupi pang'onopang'ono. Pakadali pano ambiri amadzibaya ndi sirinji, kutapa m'botolo, kawiri patsiku. Amene ali ndi kamakina koyezera shuga, masitiripi (timapepala todontheza magazi tija) amawathera mwezi usanafike pakati.

Inu amene mumagwira ntchito ndi zinthuzi, tiuzeni mosabisa: ndi ziti zimene odwala amakhutira nazo n'kupitiriza kuzigwiritsa ntchito, ndipo ndi ziti zimene zimangothera m'kabati? Zikalakwika, zimalakwika pati? Sitikufuna kuti anthu akhetse thukuta kugula zinthu zoti pakatha miyezi iwiri zisanduke zokongoletsera m'nyumba.

Namwino_wa_Shuga analemba:

A Nambewe, ndiyambe ndi peni. Pakati pa peni ndi sirinji, chimene anthu amakonda n'chodziwika. Bungwe la madokotala la MSF pamodzi ndi la odwala shuga la T1International linafunsa anthu oposa 400 obaya insulin m'mayiko 38, ndipo lipoti lawo la 2024 linati anthu 82 pa 100 alionse anasankha peni.

Chifukwa chachikulu ndi mlingo. Sirinji ya 0.5 ml imatenga mayunitsi 50 ndipo kamzere kalikonse ndi yunitsi imodzi. Ya 1 ml imatenga mayunitsi 100, koma pa zambiri kamzere kamodzi ndi mayunitsi 2. Munthu amene anazolowera kuwerenga timizere 12 pa yaing'onoyo, mwezi wina akapatsidwa yaikulu n'kuwerenganso timizere 12, wadzibaya mayunitsi 24. Usiku womwewo ndi thukuta, kunjenjemera, mwina kukomoka kumene. Pa peni nambala imaoneka pakawindo, ndipo mukamapotokola imalira "tiki, tiki" pa yunitsi iliyonse. Kwa agogo amene maso ayamba kuchita chifunga kusiyana kwake n'kwakukulu, ngakhale pafunikabe wina wowaonera nambalayo. Palinso manyazi. Mwana wa ku sekondale sangatulutse botolo ndi sirinji anzake akuona, amangodumpha jakisoniyo basi. Peni amaiika m'thumba la shati.

Koma peni nayo ili ndi misampha, ndipo ambiri onena kuti "peni iyi sikugwira" amakhala agwa mu umodzi mwa iyo. Singano yake ili ndi zivindikiro ziwiri, chachikulu chakunja ndi kakang'ono kamkati. Alipo amene amachotsa chakunja chokha n'kudina pakhungu kamkati kali pompo, insulin yonse n'kuthera panja. Ena satulutsa mpweya. Musanabaye ikani mayunitsi 2, lozetsani singano kumwamba, dinani mpaka kadontho kaoneke kunsonga. Kakapanda kuoneka bwerezani, kakakanikabe sinthani singano chifukwa yatsekeka. Mukalowetsa singano pakhungu, dinani batani mpaka nambala ibwerere pa 0, kenako werengani pang'onopang'ono kufika 10 musanazule. Peni imatulutsa mankhwala mochedwerapo kusiyana ndi sirinji, ndiye mukazula msanga mumaona kadontho pakhungu. Amenewo ndi mayunitsi otayika. Mukatha masulani singanoyo. Ikagona pa peni, kukazizira mpweya umalowa, kukatentha mankhwala amadontha.

Insulin yooneka ngati mkaka ija, monga Insulatard kapena yosakaniza ya 30/70, imafunika kuipukusa pakati pa zikhato maulendo 10 ndi kuizondotsa n'kuiimiritsanso maulendo 10, mpaka yonse ifanane mtundu. Osaikhutchumula mwamphamvu. Ikapanda kusakanizika mphamvu yake imasiyana tsiku ndi tsiku, shuga lero pamwamba mawa pansi, munthu n'kumanamizira nsima.

Singano muziitanitsa za 4 mm. Khungu la munthu, wonenepa kaya wowonda, n'lochindikala pafupifupi 2 mm, choncho 4 mm imakwana kufika m'mafuta a pansi pake osalasa mnofu. Imabayidwa chowongoka. Wamkulu safunika kutsina khungu, koma mwana wamng'ono kapena munthu wowonda kwambiri atsine. Za pa sirinji zazifupi kwambiri ndi 6 mm, zambiri ndi 8 mm kapena kuposa, ndipo kwa wowonda zimafika mumnofu akapanda kutsina. Insulin yolowa mumnofu imathamanga, makamaka ngati wabaya pantchafu kenako n'kukwera njinga kapena kunyamula khasu.

Nditchulenso timibulu tolimba ta pamimba ndi pantchafu, chifukwa timachititsa munthu kudana ndi chipangizo chosalakwa. Timabwera chifukwa chobaya malo amodzimodzi ndiponso singano yobuntha. Odwala amakonda kubaya pomwepo poti sipapweteka, koma insulin yolowa m'kambulu imayamwidwa mosadalirika. Siyani mpata wa chala chimodzi pakati pa pobaya lero ndi pa dzulo, ndipo muzisintha mbali mlungu ndi mlungu. Chenjezo lokha: wosiya kambulu n'kuyamba kubaya pakhungu labwino, shuga amatha kutsika kwambiri ndi mlingo womwe uja. Aonane kaye ndi a kuchipatala, mwina auchepetse.

WaFamase analemba:

Zimene anena anamwino n'zoona, koma musanaitanitse mapeni tiyeni tiwerengere kaye.

Wobaya kawiri patsiku amafuna singano 60 pamwezi, 730 pachaka. Peni imodzi, kapena katiriji (kabotolo ka insulin) yoika m'peni, ndi 3 ml, amene ndi mayunitsi 300. Botolo la 10 ml lili ndi mayunitsi 1,000. Wobaya mayunitsi 40 patsiku amatha 1,200 pamwezi, kuwonjezerapo 120 otayika potulutsa mpweya paja, onse pamodzi 1,320. Amenewo ndi mapeni asanu mwezi uliwonse. Mbale wa ku Johannesburg afunsidwe maso ndi maso ngati angakwanitse zimenezi chaka ndi chaka, osati ulendo umodzi wa pa Khrisimasi. Kumene peni imapambana ngakhale pa masamu ndi kwa mwana wa mlingo wochepa. Wa mayunitsi 14 patsiku, botolo la 1,000 lingamukhalire kuposa miyezi iwiri, chonsecho botolo likatsegulidwa limayenera kutayidwa pakatha milungu 4 mpaka 6, malinga ndi zolembedwa pakapepala kake. Katiriji ya 300 amaimaliza isanawonongeke.

Mapeni alipo otaya akatha, monga FlexPen, KwikPen ndi SoloStar, ndi osintha katiriji, monga NovoPen, HumaPen ndi AllStar. Katiriji ya kampani ina si ya m'peni ya kampani ina, ndipo mukaikakamiza mlingo sukhala wolondola. Singano zokha ndiye zambiri zimamangika pa mapeni osiyanasiyana. Ndiye mbale akagula NovoPen yokongola pamene chipatala cha kwanu chimapereka mabotolo, peniyo ndiyo yoyamba kulowa m'kabati muja. Dziwaninso kuti mu 2024 kampani ya Novo Nordisk inasiya kupereka mapeni a insulin yotchedwa human (monga Actrapid ndi Insulatard) m'zipatala za boma ku South Africa, ndipo odwala ambiri kumeneko anabwerera ku botolo ndi sirinji. Aliyense wopatsidwa peni asaiwale katapidwe ka ndi sirinji.

Vuto lina, mapeni ochokera kunja nthawi zambiri amakhala ndi insulin ya mtundu wina: Lantus, NovoRapid, Humalog. Actrapid imabayidwa kutatsala mphindi 30 kuti munthu adye. NovoRapid imabayidwa nsima ili kale m'mbale, chifukwa imayamba kugwira m'mphindi 10 mpaka 20. Wobaya NovoRapid n'kumadikira kuti ndiwo zipse akhoza kugwa. Lantus siisakanizidwa ndi insulin ina m'sirinji imodzi. Kusintha mtundu ndi nkhani ya adokotala amene akumuona wodwalayo, osati ya pa WhatsApp.

Muziyang'ananso mphamvu yolembedwa pabotolo ndi pasirinji. Yofala ndi U-100 (mayunitsi 100 pa ml imodzi), ndipo sirinji yake kawirikawiri ili ndi chivindikiro cha orenji. M'mayiko ena, monga India, mulinso U-40 (mayunitsi 40 pa ml imodzi), ya sirinji ya chivindikiro chofiira. Mukatapa insulin ya U-100 ndi sirinji ya U-40 kufika pa 20, mwatapa mayunitsi 50. Insulin ya Toujeo ndi ya mayunitsi 300 pa ml imodzi. Peni yake ikavuta musayerekeze kutapamo ndi sirinji, mlingo umachuluka katatu.

Pa ulendo, basi ya ku Johannesburg imayenda kupitirira tsiku lathunthu ndipo kumalo a katundu pansi paja kumatentha, pamene m'ndege kumalo a katundu insulin ikhoza kuundana. Iyende m'chikwama cha m'manja, yokulunga m'kansalu kuti isakhudzane ndi ayezi. Yosatsegula imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, pakati pa furiji, kutali ndi kumene kumaumitsa madzi. Ikangoundana kamodzi yatha ntchito, ngakhale isungunuke n'kumaoneka bwino. Kuzima kwa magetsi kwa maola angapo sikuiwononga mmene kuundana kumachitira.

Opanda furiji asataye mtima. Mu 2021 ofufuza a MSF ndi a yunivesite ya Geneva anatulutsa zotsatira za kafukufuku wotengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, ndipo insulin inasunga mphamvu yake kwa milungu inayi. Mtsuko umathandiza: kamtsuko kakang'ono mkati mwa waukulu, mchenga wonyowa pakati, nsalu yonyowa pamwamba, pamthunzi popita mphepo. Insulin ikhale m'kachitini kouma, osaimiza m'madzi, chifukwa pepala la dzina limamatuka ndipo madzi amadetsa kalabala kobayapo kaja. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, kumene kumadutsa madigiri 40, mchengawo usaume ngakhale tsiku limodzi. Insulin yoyera ngati madzi ikachita mbuu, kapena yamkaka ija ikachita timibulu tomata kugalasi, itayeni.

Wa_ku_Labu analemba:

Ine ndinene za kamakina koyezera, chifukwa dandaulo lalikulu kumeneko ndi limodzi: "kamanama". Nthawi zambiri sikanama, kungoti anthu sanauzidwe malire ake. Lamulo la padziko lonse la timakinati, ISO 15197 la 2013, limati pa miyezo 100, yosachepera 95 isasiyane ndi ya ku labu kuposa 15 peresenti shuga akakhala 5.55 mmol/L kapena kuposa, ndipo akakhala pansi pa apo isasiyane kuposa 0.83. Ndiye kuti shuga weniweni ali 10.0, kamakina kena kakhoza kunena 8.7, kena 11.2, tonse tili bwinobwino. Kuyerekeza kanu ndi ka aneba kumangokusowetsani mtendere. Khalani ndi kamodzi, ndipo muzipita nako kuchipatala tsiku lokayezetsa kuti akayerekeze ndi zawo.

Kuno kwathu timakina tilipo ta mitundu iwiri, towerenga mmol/L ndi towerenga mg/dL. Ta ku South Africa ndi ku Britain ndi ta mmol/L, ta ku America ndi ku India ndi ta mg/dL. Kusintha kwake n'kuchulukitsa kapena kugawa ndi 18: 3.9 ndi 70, 7.0 ndi 126, 10.0 ndi 180. Chizindikiro chapafupi n'chakuti mmol/L imakhala ndi kadontho pakati pa manambala. Munthu wozolowera kuona 7 kapena 9, akalandira kamakina konena 130, amaganiza kuti akufa n'kuwonjezera insulin. Gulu lanu ligwirizane za mtundu umodzi.

Zina zambiri zonamizira kamakina zimachokera m'manja ndi m'kabotolo ka masitiripi. Nyengo ya mango kapena ya nzimbe, chala chosasamba chimakweza nambala kwambiri, chifukwa kamakina kamawerenga shuga wa pakhungu pamodzi ndi wa m'magazi. Sambani ndi sopo, pukutani mpaka kuume gwa. Ngati palibe madzi, pukutani dontho loyamba n'kuyeza lachiwiri. Chala chonyowa ndi madzi kapena sipiriti chimasungunula magazi, ndipo kufinya mwamphamvu kumatulutsa timadzi ta m'minofu tosokoneza muyezo. M'kabotolo ka masitiripi muli mankhwala oyamwa chinyontho, ndiye kazitsekedwa mukangotulutsa imodzi. Chizolowezi chogawana masitiripi m'timapepala ta pulasitiki, asanu kwa uyu asanu kwa uyo, chimawawononga m'masiku ochepa nyengo ya dzinja. Onani tsiku lothera ntchito, komanso werengani pakapepala ngati mtunduwo uli ndi malire a miyezi kabotolo kakatsegulidwa. Masitiripi amagwira pa kamakina ka dzina lawo lokha.

Palinso chimene ambiri sachidziwa. Magazi akachepa m'thupi, monga zimakhalira munthu akachoka kudwala malungo, timakina tambiri timawerenga shuga mokwererapo kuposa mmene alili. N'chifukwa chake munthu wotuwa m'maso ndi m'zikhato, akunjenjemera ndi kutuluka thukuta, athandizidwe ngati shuga watsika ngakhale kamakina kakunena 4.5. Thandizo lake ndi magalamu 15 a shuga: masipuni aang'ono atatu odzaza m'madzi, kapena theka la botolo la 300 ml la chakumwa chotsekemera, osati cholembedwa Zero. Ayezenso pakatha mphindi 15. Wokomoka osamuthira kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Kamakina kakalemba HI, pa tambiri ndiye kuti shuga wadutsa 33.3, kapena 600 pa muyezo winawo. Sambani m'manja, bwerezani, ikabweranso HI nyamukani.

Za ululu: bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati penipeni, yambani ndi nambala yotsika pa kobayira kaja, ndipo lendewetsani mkono kanthawi kuti magazi atsikire. Batire la timakina tambiri ndi CR2032, ndipo mukasintha muonenso ngati deti ndi nthawi zili bwino.

Masitiripi akakhala 30 pamwezi, kuyeza m'mawa wokhawokha n'kuwataya. Sinthani nthawi: lero musanadye m'mawa, mawa musanadye masana, mkuja madzulo, tsiku lina pogona, ndipo kamodzi pa milungu iwiri cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku kwa obaya insulin yamkaka madzulo. Asanu kapena asanu ndi limodzi asungidwe a tsiku lomva thupi mwachilendo. Zonse zilembedwe m'kabuku pamodzi ndi mlingo ndi chimene mwadya.

Mlangizi_wa_ku_Leeds analemba:

Kuno ku England, kuyambira 2022 malangizo a NICE, bungwe lolangiza za umoyo kuno, amati aliyense wa shuga wa mtundu woyamba (umene thupi silipanga insulin) apatsidwe mwayi wa sensa, ndiye zokoma ndi zowawa zake zikudziwika bwino. Anthu amaikonda, palibe kukana. Pa kafukufuku wa IMPACT wa 2016, ovala sensa ya FreeStyle Libre anachepetsa ndi 38 peresenti nthawi yokhala ndi shuga wotsika, ngakhale HbA1c yawo (muyezo wa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu) siinasinthe kwenikweni. Chimene amakondwera nacho ndi zala zopuma, tulo topanda mantha, ndi kamuvi koonetsa kumene shuga akulowera.

Libre imamatidwa kuseri kwa mkono wakumtunda, imakhala masiku 14 (yatsopano yotchedwa Plus ndi 15), ndipo imayamba kuwerenga pakatha ola limodzi. Yofuna kuyandikizapo foni kapena kowerengera imasunga za maola 8 okha, mukachedwa pamatsala mpata. Masensa a Dexcom G6 ndi G7 amakhala masiku 10. Pachaka ndiye masensa 26 a Libre ya masiku 14 kapena pafupifupi 37 a Dexcom, munthu mmodzi.

Sensa siyeza magazi. Imayeza timadzi ta pansi pa khungu, ndiye imatsalira m'mbuyo ndi mphindi 5 mpaka 15, makamaka shuga akamakwera kapena kutsika mothamanga. Wosadziwa zimenezi amamwa shuga, sensa n'kumanenabe 3.5, iye n'kumwanso, kenako wafika 16. Mukagonera mkono wa sensa imatha kulira kuti shuga watsika pamene sanatsike. Tsiku loyamba imakonda kuphonya. Choncho kamakina kobaya chala sikatayidwa: nambala ikasiyana ndi mmene thupi likumvera, bayani chala. Vitamini C wopitirira 500 mg patsiku amakweza nambala pa Libre 2, ndipo hydroxyurea, amene amamwa odwala sickle cell, amakweza pa Dexcom.

Kwathu kotentha vuto loyamba lingakhale kumatuka. Sambani pamalopo ndi sopo wamba, musadzole Vaseline kapena mafuta alionse, pukutani ndi sipiriti, dikirani paume, matani madzulo kukazizira, ndipo zungulizani pulasitala m'mbali. Ena khungu limayabwa n'kufiira chifukwa cha guluu wake, ndipo ameneyo ndi mmodzi mwa osiya msanga. Enanso amatopa ndi kulira kwa alamu n'kuzimitsa zonse, kuphatikizapo ya shuga wotsika, imene ndiyo yofunika. Siyani ya 3.9 yoyaka, ya pamwambayo muiike patali poyamba. Masensa a Libre osatsegula amasungidwa pa madigiri 4 mpaka 25, zimene a WaFamase aona kale kuti kuchigwa cha Shire si zamasewera.

Musanagule, dziwani kuti sensa ya Libre ya dziko lina imatha kukana kowerengera kapena pulogalamu ya pafoni ya dziko lina, ndipo si foni iliyonse imene imagwirizana nayo. Sensa ndi kowerengera zigulidwe dziko limodzi. Komanso zimene munthu walandira ku zipatala za boma za kuno (NHS) ndi za iyeyo, asamapemphedwe kugawa.

Sizikutanthauza kuti kumudzi n'zosatheka. Mu 2022 pa zipatala za Neno ndi Lisungwi anayesa Dexcom G6 kwa odwala shuga wa mtundu woyamba, ndipo ofufuza anapeza kuti zimatheka. Koma kumeneko masensa ndi aphunzitsi zinalipo limodzi. Kwa gulu la ndalama zochepa, nzeru yanga ndi sensa imodzi pa miyezi itatu, milungu iwiri tsiku la kuchipatala lisanafike, kwa ana, amayi oyembekezera ndi amene shuga amawatsikira usiku osamva. Adokotala akaone chithunzi chonse. Cholinga cha akuluakulu ambiri ndi kukhala pakati pa 3.9 ndi 10.0 nthawi yoposa 70 peresenti, ndi pansi pa 3.9 nthawi yosafika 4 peresenti.

Pampu ndiye ndikuti ayi, pokhapokha pali chipatala chodziwa mtunduwo ndi katundu wosaduka. M'pampu mumakhala insulin yothamanga yokha, m'thupi mulibe yokhalitsa yosungira. Kachubu ka pakhungu kamasinthidwa masiku 2 kapena 3 alionse. Kakapindika kapena kutsekeka usiku, m'maola ochepa ma ketone (asidi wochuluka m'magazi insulin ikasowa) ayamba kukwera, kukamacha munthu akusanza ndi kupuma mwabefu. Wa pampu ayenera kukhala ndi peni kapena sirinji yapadera, zoyezera ma ketone, ndi munthu womuimbira foni pakati pa usiku.

Nambewe_wa_Gulu analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula m'maso. Funso lina: anthu athu ndi aulemu, munthu ukamupatsa chinthu chaulere n'kumufunsa kuti chikuyenda bwanji, amangoti "chili bwino, zikomo". Tingadziwe bwanji kuti akukhutiradi? Ndipo singano zikachepa, popeza zidzachepa ndithu, achite chiyani?

Namwino_wa_Shuga analemba:

Ofufuza ali ndi fomu yawo, DTSQ, imene anaikonza a Clare Bradley ku Britain. Ili ndi mafunso 8. Asanu ndi limodzi amapatsidwa mamaliki 0 mpaka 6, onse pamodzi 36, ndipo awiri otsalawo amafunsa kuti munthu wakhala akuona kangati kuti shuga wakwera kapena watsika kwambiri. Imafuna chilolezo kwa eni ake, ndipo ili ndi vuto lomwe mwatchulali: anthu amapereka mamaliki apamwamba kuyambira pachiyambi, kusintha n'kusaoneka.

Pagulu ngati lanu maso amaposa fomu. Muuzeni abwere ndi zonse m'jumbo. Werengani singano zotsala: analandira 60, mwezi watha, zatsala 45, ndiye kuti mwina akubwereza singano kapena akudumpha jakisoni. Tsegulani zosungidwa m'kamakina muyerekeze ndi za m'kabuku, chifukwa manambala okongola olembedwa ndi cholembera chimodzi tsiku limodzi amadziwika. Mupempheni akuonetseni mmene amabayira, inu muli chete, muone ngati akusakaniza, kutulutsa mpweya ndi kuwerenga kufika 10. Anamwino apapase pamimba ndi pantchafu munthu ali chiimire. Mafunso asakhale oti "mukukhutira?" koma oti "ndi liti pamene munasiya kubaya chifukwa panali anthu?", "ndi chiyani chimakutopetsani pa kachipangizoka?", "titakupatsani mwayi wobwerera ku chakale, mungabwerere?" Wofunsayo asakhale yemwe anapereka mphatsoyo.

Pa zoitanitsa, ine ndingayambe ndi masitiripi a kamakina ka mtundu umodzi wa gulu lonse, umene masitiripi ake amapezekanso m'mafamase a ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu katundu wa kunja akachedwa. Kenako masirinji a U-100 a 0.5 ml a singano ya 6 mm kwa amene mlingo wawo sudutsa 50, masitiripi oyezera ma ketone mumkodzo kwa a mtundu woyamba, ndi mapeni kwa ana ndi ovutika maso ngati adokotala avomereza mtundu wa insulin.

WaFamase analemba:

Za singano: opanga amati kamodzi basi, ndipo kubwereza kumabunthitsa nsonga n'kubweretsa timibulu tija. Koma kudumpha jakisoni n'koopsa kuposa kubwereza singano yako yomwe. Zikavuta, ibwezereni chivindikiro mosamala osakhudza nsonga, ndipo musaipukute ndi sipiriti chifukwa mumachotsa kamafuta koterera kamene kamachepetsa ululu. Ikayamba kupweteka, ikapindika kapena ikakhudza chinthu china, itayeni. Pa insulin yamkaka singano yobwereza imatsekeka msanga, ndiye kadontho ka mayunitsi 2 kaja kaoneke nthawi iliyonse. Wa zilonda pakhungu kapena wa chitetezo chofooka asabwereze.

Kubwerekana ndiye ayi ndithu, ngakhale mwamuna ndi mkazi wake. Peni nayonso ndi ya munthu mmodzi ngakhale mutasintha singano, chifukwa timagazi timatha kubwerera m'katiriji, ndipo HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C zimadutsa njira imeneyo. Lembani dzina pa peni iliyonse ngati m'nyumba muli obaya awiri. Zotha ntchito ziponyedwe m'chigubu cholimba cha pulasitiki chokhala ndi chotsekera chomanga, kutali ndi ana. Chikatsala pang'ono kudzaza mangani, zungulizani tepi, kaperekeni kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala.